Mlamu wanga walandira kalata ya U.S. Attorney, a FBI anafika kale pakhomo: tiyambire pati?

Nachisale_IN:
Abale anga, ndabwera ndi nkhani yolemera, masiku atatu tsopano tulo sitikubwera. Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Indiana ndipo ali ndi green card. Chaka chatha mnyamata wina amene ankasewera naye mpira Loweruka anamupempha kuti ndalama za bizinesi ya magalimoto zizidzera pa akaunti yake, ati yake ili ndi vuto. Anagwirizana zoti mlamu azitapapo ya sopo, zotsalazo azitumiza komwe wauzidwa. Zinalowa katatu, zonse pamodzi zikuyandikira madola 46,000. Kenako banki inangotseka akauntiyo osanena chifukwa, foni ya mnyamata uja inasiya kupezeka, ife n'kumati zapita.

Sabata yatha Lachiwiri m'mawa kunagogoda anthu awiri a FBI, bambo ndi mayi, aulemu ngati alaliki a khomo ndi khomo. Mng'ono wanga mpaka anawatereka tiyi. Anakhala pafupifupi ola lathunthu, wina akufunsa, mnzake akulemba m'kabuku. Lachisanu kwafika kalata yochokera ku ofesi ya U.S. Attorney, wozenga milandu wa boma la federal, yonena kuti iye ndi target, yatchulanso wire fraud ndi money laundering. Kodi zimenezi ndiye kuti chiyani kwenikweni? Akuluakulu a kutchalitchi akuti angopita yekha akafotokoze chilungamo chonse. Loya amene tikumudziwa ndi uja anatithandiza pa ngozi ya galimoto. Tiyambire pati?

KabazaWaUber:
Asapite yekha. Ndabwerezanso, asapite yekha.

Kalaliki_wa_Loya:
Achemwali, pepani kwambiri. Ine sindine loya, ndimangothandizira mu ofesi ya maloya a milandu kuno ku Texas, choncho zanga muzitenge ngati za mnansi wokutsinani khutu.

Choyamba, musalembenso china chilichonse cha nkhaniyi pano. Zomwe mlamu wanu angauze loya wake n'zotetezedwa ndi lamulo. Zomwe angauze inu alamu ake sizotetezedwa, ndipo boma litha kukuitanani kuti mukanene zimene anakuuzani. Chachiwiri, asafufute kanthu pa foni, ngakhale uthenga umodzi wa WhatsApp. Kuwononga umboni pofuna kusokoneza kafukufuku ndi mlandu pawokha, wa zaka zofika 20 pa chigawo 1519 cha malamulo a milandu a federal, ndipo nthawi zambiri uthenga womwe munthu wafufuta amakhala ali nawo kale kuchokera pa foni ya winayo.

Tsono za kalatayo. Boma la federal limaika anthu m'magulu atatu: witness ndi mboni chabe, subject ndi munthu amene zochita zake zikufufuzidwa, target ndi amene wozenga mlandu akuona kuti ali kale ndi umboni wokwanira womumangira mlandu. Nkhani yotere amaipereka ku grand jury, gulu la anthu 16 mpaka 23 lomwe limamva mbali ya boma yokha, loya wa munthu salowamo. Chabwino chokha m'kalatayo n'chakuti akupatsani mpata wopeza loya asanatsegule mlandu, ndipo nthawi imeneyi ndi imene loya wodziwa amakhoza kukambirana zambiri.

Wire fraud, chigawo 1343, ndi chinyengo chilichonse chofuna kulanda ndalama kapena katundu chomwe chadzera pa foni, imelo kapena kutumiza ndalama kudutsa malire a state kapena a dziko. Chilango chimafika zaka 20 pa mlandu uliwonse, ndipo kutumiza kulikonse atha kukuwerenga ngati mlandu wakewake. Money laundering, chigawo 1956, ndi kuyendetsa ndalama ukudziwa kuti n'zochokera ku upandu pofuna kubisa komwe zachokera, nayonso zaka 20. Pali mng'ono wake, 1957, wa zaka 10, wongofuna kuti udutsitse pa banki ndalama zakuba zoposa 10,000 ukudziwa. Musakomoke ndi manambalawa, amenewo ndi denga, si zimene munthu woyamba kulakwa amalandira. Koma loya wa ngozi za galimoto ayi. Mukufunika amene amaima m'khoti la federal sabata ndi sabata.

Mbewa_Yowamba:
Ine ndikusiyana nanu pang'ono. Munthu wosalakwa abisalirenji kumbuyo kwa loya? Ukangoti "ndilankhula ndi loya wanga" apolisi amadziwiratu kuti apa pali nyama. Akuluakulu a tchalitchiwo sananame, chilungamo chimamasula.

Gogo_wa_Dallas:
A Mbewa, mwana wanga, uku si kwa amfumu komwe ukapepesa ndi nkhuku nkhani imatha.

Kalaliki_wa_Loya:
A Mbewa, ndikumvetsa mtima wanu, koma pali chigawo 1001. Kunena bodza kwa wantchito wa boma la federal pa nkhani imene akufufuza ndi mlandu wa zaka zofika 5, ngakhale sunalumbire, ngakhale uli pa mpando wa m'nyumba mwako ukumwa tiyi. Khoti lalikulu linagamula mu 1998 pa mlandu wa Brogan kuti ngakhale kungoyankha kuti "ayi" mwabodza n'kokwanira. Martha Stewart, mayi wolemera uja wa pa TV, anakhala m'ndende miyezi 5 atapezeka wolakwa mu 2004. Sanamumangire kugulitsa masheya komwe ankamufufuzira ayi, anamumangira zimene ananena kwa ofufuza pambuyo pake.

Uja ankalemba m'kabuku uja akapita ku ofesi amakalemba lipoti lotchedwa 302, m'mawu ake, osati a mlamu. Ngati mlamu mwamantha anati "ndalama zinalowa kamodzi" pomwe iwo m'chikwama anali ndi sitetimenti yoonetsa katatu, ndiye kuti wawapatsa mlandu wina waulere. Anthuwa kawirikawiri amafunsa zinthu zimene mayankho ake akuwadziwa kale. Kukhala chete ndi ufulu wa mu Fifth Amendment, ndipo ndi wa aliyense ali m'dziko muno, nzika kapena mlendo.

Nachisale_IN:
Mayo ine. Sindikudziwa kuti anawayankha zotani, ndipo monga mwanenera sindimufunsanso.

NesiWaUsiku:
Ndikhululukireni, koma wina anene mbali inayi. Ndalama zimenezi sizigwa kumwamba. Ndinkasamalira gogo wina wamasiye wa zaka za m'ma 80 amene "chibwenzi" cha pa Facebook chinamudyera ndalama zonse za penshoni. Ankasunga timapepala ta ku banki m'Baibulo, tosonyeza maakaunti amene ankatumizako, ndipo mayina ake anali a anthu wamba ngati ife tomwe. Tsiku lomwe mwana wake anamuuza zoona, gogoyo anakana kudya, anangotembenukira kukhoma. Ndiye munthu wamkulu ndi ndevu zake akamati sindinkadziwa, chonsecho akutapapo yake pa ndalama zomwe sanakhetsere thukuta, ine zimandivuta kumeza.

Achimwene265:
A Nesi, mwalasa, koma mayiwa abwera kudzafuna thandizo, osati chiweruzo. Komanso anyamata amenewa ndi akathyali, amayamba kukuzolowera miyezi, kudya nawo nsima kwanu, kenako ndiye pempho.

Kalaliki_wa_Loya:
Zimene mukukanganazo ndiye mtima wa mlandu wonse. Boma liyenera kutsimikizira popanda chikaiko kuti munthu ankadziwa ndipo anali ndi cholinga chonyenga. Kupusitsidwa si mlandu. Amene anakhulupiriradi kuti ndi bizinesi ya magalimoto ali ndi chodzitetezera chomwe amati good faith. Koma boma lili ndi yankho lake, willful blindness, kutanthauza kutsinzina dala: unkaona kuti apa pakununkha, n'kusankha kusafunsa kuti usadziwe. Oweruza amaloledwa kutenga kutsinzina koteroko ngati kudziwa. Ndiye loya adzafuna kuona zinthu zing'onozing'ono. Kodi mayina a otumiza ndalama anali a makampani a magalimoto kapena a amayi okalamba a ku state ina? Kodi banki inamuimbirapo kumuchenjeza, iye n'kupitiriza? Kodi pali uthenga woti "ukafunsidwa unene kuti ndi za msuweni wako"? Uthenga umodzi wotere umagwetsa nyumba yonse. Koma ngati pali mauthenga omwe iye akufunsa mapepala a magalimoto, winayo n'kumunamiza, amenewo ndi golide. N'chifukwa chake ndati asafufute.

Chinanso ndi conspiracy, chigawo 1349 kapena 371. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ukalowa m'pangano la chinyengo, ngakhale sukuwadziwa akuluakulu ake, utha kusenza zomwe anzako anachita ngati zinali zoti ukanaziyembekezera.

Chambo_cha_Seattle:
Inetu nkhaniyi yandiopsa pa zina. Nanga zomwe timachita tonsefe zija? Ndimapatsa munthu madola kuno pa Zelle, mbale wake ku Lilongwe n'kupereka makwacha kwa mayi anga pa mtengo wabwino kuposa wa ku banki. Zimenezinso ndi mlandu?

KabazaWaUber:
Apa ndiye gulu lonse likagona ku selo, kuyambira ma admin.

Kalaliki_wa_Loya:
Kutumizira mayi anu ndalama zanu zomwe mwagwirira ntchito si vuto kumbali ya kuno. Amene ali pa moto ndi uja wasandutsa zimenezi bizinesi, kulandira ndalama za anthu ambiri n'kumadyapo, alibe laisensi ya state komanso sanalembetse ku FinCEN, ofesi ya boma la federal yolondola kayendedwe ka ndalama. Chimenecho ndi chigawo 1960, zaka zofika 5, ndipo kunena kuti sindinkadziwa zoti pamafunika laisensi ya state sikupulumutsa. Choopsa china n'chakuti madola amene akuzungulira mwa munthu woteroyo simudziwa kuti ena achokera kuti.

Ndiwonjezere za kachizolowezi kena. Ukaika kapena kutapa ndalama za kashi zoposa 10,000, banki imalemba lipoti ku boma. Lipotilo si mlandu, ndi pepala chabe. Koma ukamaika 9,000 lero, 9,500 mawa n'cholinga chozemba lipotilo, umenewo ndi mlandu wa structuring, ngakhale ndalamazo zili zoyera ngati ufa. Anthu a zipeleganyu, samalani pamenepa.

Chambo_cha_Seattle:
Koma abale, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa mtengo wa ku banki ndi wa pamsewu kukupweteka. Ukatumiza mwalamulo, matumba a simenti amachepa ukuona.

Mbewa_Yowamba:
Ndipo kwathu omwe anaba mabiliyoni a Cashgate mu 2013 angati anagona m'ndende zaka zambiri? Lutepo anapatsidwa 11, Senzani 3, ena milandu inangozizira m'mafayilo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kuno munthu wa 46,000 akumuopseza ndi zaka 20.

Achimwene265:
Kunonso makhoswe alipo a Mbewa, koma ena amaphedwa ndithu. Pa milandu ya chinyengo cha ndalama, Madoff anapatsidwa zaka 150 mu 2009 n'kufera komweko. Sam Bankman-Fried 25 mu 2024. Chomwe chimandiseketsa ine, Elizabeth Holmes wa Theranos ndi Hushpuppi uja wa pa Instagram onse anagamulidwa mu Novembala 2022, ndipo onse miyezi 135 ndendende. Wina wa ku Silicon Valley, wina anakamutenga ku Dubai ndi magalimoto ake.

Gogo_wa_Dallas:
Ana inu, mayiwa akulira, inu muli pa mtengo wa simenti ndi Hushpuppi. Bwererani.

Mlendo_wa_Maryland:
Ndinene yanga, mwina ithandiza. Msuweni wanga anatenga ngongole ya PPP, ija ya boma yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono nthawi ya Covid, madola 20,000 ndi kanthu. Wina anamulembera mafomu kuti ali ndi bizinesi yometa, chonsecho ngakhale lumo analibe, wolembayo n'kutengapo gawo lake. Zaka zinadutsa, iye n'kumati zaiwalika. Sanadziwe kuti mu Ogasiti 2022 anasaina lamulo lotalikitsa nthawi yozengera milandu ya PPP kufika zaka 10. Atamugwira wolemba mafomu uja, mu kompyuta yake munali mayina onse.

Ife tinathamangira kusonkha ndalama za loya wolipira. Woyamba anatiuza 25,000 kungoyamba, ndipo titamufunsa kuti wazengapo milandu ingati ya federal anayamba kutafuna mawu. Mapeto ake msuweni analemba fomu yoonetsa kuti alibe ndalama, khoti linamupatsa federal public defender. Ndinkawaderera anthu amenewa, ndimati loya waulere ndi wongokuperekeza ku ndende. Ndinalakwa. Mayi ameneyo ankadziwa woweruza, ankadziwa wozenga mlandu, ndipo anali ndi wofufuza wake. Msuweni sanalowe m'ndende, anapatsidwa probation, kukhala kunja akuyang'aniridwa, ndi kubweza ndalama zonse, amadula mwezi ndi mwezi mpaka lero. Kusiyana kwake, iye anali atatenga kale unzika.

Kalaliki_wa_Loya:
Mawu omaliza a Mlendowo ndi amene ndimafuna ndifikepo, chifukwa kwa mlamu wanu ndende mwina si chilombo chachikulu.

Tiyambe ndi ndendeyo. Woweruza amayamba ndi buku la Sentencing Guidelines. Chiyambire mlandu wa Booker mu 2005 bukuli ndi longolangiza, komabe amaliwerengera ndithu. Pa chinyengo, chomwe chimakweza kwambiri mapointi owerengera kutalika kwa chilango ndi kuchuluka kwa ndalama zotayika. Pa tebulo lomwe ndalizolowera, wire fraud imayambira pa 7, ndalama zikaposa 40,000 amawonjezera 6, kukhala 13. Kuvomera mlandu msanga kumachotsa 2. Kuyambira Novembala 2023 amene alibe mbiri ya milandu atha kuchotseredwanso 2. Mukatero mwafika pa miyezi yowerengeka, osati zaka 20. Koma zimakwera msanga ngati obedwawo ndi okalamba osatha kudziteteza, ngati ndi ambiri, ngati pali 1956, kapena akakusenzetsa ndalama za gulu lonse. Pakapezekanso kuti anagwiritsa ntchito dzina kapena nambala ya munthu wina, pali chigawo 1028A, zaka 2 zokakamiza zowonjezera pamwamba, woweruza sangachotse. Ku federal kulibenso parole yotulutsa munthu msanga, munthu amagwira pafupifupi 85 peresenti ya chilango chake.

Tsono chilombo chenicheni. Pa malamulo a immigration, mlandu wa chinyengo womwe wotayitsa anthu ndalama zoposa 10,000 ndi aggravated felony, gulu la milandu yomwe amaitenga kuti ndi yoopsa kwambiri. Money laundering ya ndalama zoposa 10,000 chimodzimodzi. Zilibe kanthu kuti sunagone m'ndende ngakhale usiku umodzi. Munthu wa green card akapezeka ndi mlandu wotere amapitikitsidwa, njira zambiri zopempha chifundo zimatsekeka, ndipo kubwerera kumakhala kosatheka kwenikweni. Ndaonapo bambo akutuluka m'khoti akumwetulira kuti wapatsidwa probation, osadziwa kuti pepala lomwe wasaina lamuthamangitsa kale m'dziko. Mu 2010, pa mlandu wa Padilla v. Kentucky, khoti lalikulu linati loya ayenera kuchenjeza kasitomala wake za chiopsezo chimenechi asanavomere mlandu. Koma kuchenjeza ndi kwina, kukonza ndi kwina. Pakufunika loya wa immigration agwire limodzi ndi wa mlanduyo asanasaine chilichonse, aone ngati pali chigawo china chomwe angavomere chosagwera m'dzenje limeneli. Si zophweka, poti a immigration amaloledwa kuyang'ana ndalama zenizeni zomwe zinatayika, kuphatikizapo zomwe khoti lalamula kuti abweze.

Pakadali pano asatuluke m'dziko, ndipo asatumize fomu yopempha unzika. Pa fomu imeneyo pali funso lofunsa ngati unachitapo mlandu womwe sunamangidwe nawo.

Phwiti_wa_Jubeki:
Ine ndikanakhala iyeyo bwenzi ndili pa Chileka kale. Kumudzi nsima ilipo.

Achimwene265:
Malangizo a ku Jubeki amenewo, asiyeni komweko. Kalata ili kale m'manja, kuthawa kumaoneka ngati kuvomera. Nthawi yozengera milandu yambiri ya federal ndi zaka 5, koma kwa wothawa wotchiyo imaima, mlandu suola. Pangano lobwezerana othawa milandu pakati pa America ndi Malawi liliponso, ndi lija la 1931 la nthawi ya atsamunda lomwe linapitirizidwa. Ndipo mkazi ndi ana awasiyira ndani?

Mbewa_Yowamba:
Chabwino, za loya ndagonja. Koma ngati sankadziwadi, avomerenji mlandu? Akaime pamaso pa jury, anthu wamba ogamula mlandu, amenye nkhondo.

Kalaliki_wa_Loya:
Ndi ufulu wake, ndipo kwa munthu amene kuvomera kukutanthauza kupitikitsidwa, nthawi zina kumenya nkhondo kumakhala kwanzeru kuposa kwa nzika. Koma alowe akudziwa bwalo lake. M'chaka cha boma cha 2022, pa anthu pafupifupi 72,000 ozengedwa milandu ya federal, pafupifupi 90 pa 100 alionse anavomera, ena milandu inathetsedwa, ndipo amene anafika pozengedwa n'kupezeka osalakwa anali 290 okha. Si kuti makhoti ndi okondera basi ayi. A federal sathamanga, amatha chaka kapena ziwiri akusonkhanitsa masitetimenti ndi mauthenga asanagogode, ndipo milandu yofooka ambiri amaisiya asanaitsegule. Ukaluza pozengedwa umatayanso mapointi a kuvomera aja.

Pali njira yapakati, proffer. Munthu amapita ndi loya wake kukauza boma zomwe akudziwa, pa pangano lolembedwa loti mawu akewo sadzagwiritsidwa ntchito mwachindunji pomuzenga. Ngati wathandizadi kugwira akuluakulu, wozenga mlandu atha kupempha woweruza kuti achepetse chilango, zomwe amati 5K, ndipo nthawi zina kansomba kakang'ono amakasandutsa mboni osakazenga n'komwe. Koma panganolo lili ndi mabowo. Atha kutsata zomwe wanena n'kupeza umboni wina, ndipo ukanama m'chipindamo chitetezo chonse chimatha. Ndiye akuluakulu a tchalitchi aja sanalakwitse kwenikweni zoti akafotokoze. Analakwitsa pa mawu oti yekha.

NesiWaUsiku:
Akafika kumeneko atchule dzina la mnyamata wa mpirayo momveka bwino. Pali gogo wina kwinakwake amene akudikira.

Gogo_wa_Dallas:
Nachisale mwanawe, mng'ono wakoyo umugwire dzanja. Asayambe kusuntha ndalama za m'nyumba kapena kulembetsa galimoto m'dzina la wina poopa kulandidwa, zimenezo zimaoneka zoipa kuposa mmene zilili. Ndipo uwauze a kutchalitchi apemphere, koma asamuimike kutsogolo kuti apereke umboni wa nkhaniyi pamaso pa mpingo.

Nachisale_IN:
Zikomo nonse, ngakhale a Nesi, mawu anu andipweteka koma ndawamva. M'mawa uno mng'ono wanga anaimba ku ofesi ya federal defender, nambala inali m'kalata momwemo, ife mantha anatitseka maso. Amuuza kuti munthu wolandira kalata yotere atha kupempha khoti limupatse loya mlandu usanatsegulidwe, ndipo Lachinayi mlamu apite ndi kalatayo, mapepala a malipiro ndi foni yake mmene ilili. Mayi wa FBI uja anaimbanso masana, mlamu wangomuuza kuti loya wake ndi amene adzayankhe, mayiyo anati chabwino n'kudula. Tikufunafuna loya wa immigration wodziwa za milandu cha kuno ku Indiana kapena Chicago, amene akumudziwa andilembere kumbali.

KabazaWaUber:
Ndakutumizirani awiri ku inbox. Woyambayo kukambirana koyamba amalipiritsa, mufunse mtengo musanapite. Lachinayi ngati palibe wowaperekeza ndili off, galimoto ilipo.

Kalaliki_wa_Loya:
A admin, Achemwali akawerenga zonse, chonde chotsani uthenga woyamba uja wokhala ndi manambala a ndalama.